Kakapu ka Mankhwala a Yamikani

Lolemba
Mtima wa mwana wanga ukhoza kuima. Anesi atero kuchipatala ku Boma. Yamikani watsekula m'mimba mpaka miyendo kulefuka, akuti mchere wina wa m'magazi, potaziyamu, wachepa. Ukachepa, mtima umaima. Ukachuluka, umaimanso. Mayo ine! Andipatsa botolo la mankhwala ndi kakapu kokhala ndi mzere. Mpaka pamzere, kusakaniza ndi madzi, akadya, m'mawa ndi madzulo. Womwetsa ndine ndekha. Botolo ndalibisa kudenga.

Lachiwiri
Ngowawa. Walavula, ena pachitenje changa. Alowa angati? Ndibwereze? Sindibwereza. Ndikungoika khutu pachifuwa pake.

Lachitatu
Ndinangonena kuti nthochi akuti zimathandiza. Lero m'nyumba muli nthochi za amayi anga, nthochi za amvano, mkoko wathunthu wa a Hawa oyandikana nafe. Yamikani akaona nthochi akulira. Bambo ake abwera ndi thumba la feteleza: "Potaziyamuyo si uyu walembedwa apayu? Chimanga chimadzuka naye." Thumba ndalitsekera kwa a Hawa.

Lachinayi
Kakapu kasowa! Ndasesa paliponse. Kani amayi apita nako ku Chiringa, akuyezera mafuta ophikira pamsika. "Nkabwino, kali ndi mzere, ogula sakangana." Ndadikira mpaka abwere. Kakununkha mafuta.

Lachisanu
Yamikani waimirira yekha, wathamangitsa nkhuku. Ndalira. Koma botolo lapepuka kwambiri. Likudontha? Ndagwiragwira udzu wa kudenga, ngouma.

Loweruka
Ndawapeza! Pochokera kumjigo, amayi aimirira pampando, dzanja kudenga. "Iwe umamupatsa ngati ukuwerengera. Ine masana ndimamuwonjezera, wamuona wadzuka?" Ndati, mumamupatsa ndi chiyani? Akuti ndi supuni ya phala. Bambo ake angoyang'ana pansi. Nawonso! Iwo amamupatsa popita kudimba, ndi chivundikiro cha botolo.

Lamulungu
Botolo lija lotifikitsa sabata yamawa latha. Womwetsa ndinali ndekha, tinalipo atatu. Basi. Amayi akhala kukhonde, akudya nthochi. Yamikani safuna kusewera, akuti m'chifuwa mukuchita gugugu. Kapena ndi nkhuku wathamangitsa zija, kapena ayi. Sindiyesanso ndi khutu, akayeze okha ku Boma. Ndamubereka kale, botolo lopanda kanthu m'manja. Bambo ake apita kukasaka kabaza, dzuwa lakwera. A bambo a Yamikani, musaime ndi anzanu panjira, bwerani msanga!