Kapuku, ulusi wa pamimba ndi wilibala ya apongozi

Mpaka lero ndikamva wilibala ikulira kwiii kwiii, ndimalowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Musaseke msanga, imvani kaye.

Ine ndine mkamwini ku Dzoole, ndipo pa nkhani yokumba mbewa mudzi wonse umandivulira chipewa (zina zonse amati ndine waulesi, koma izo n'za nsanje). Chaka chatha, titangokolola, mimba inandipotokola moti anathamanga nane ku chipatala cha pa boma. Anandichita opaleshoni, n'kundisoka ngati thumba la fodya. Adokotala anati ndikapume milungu ingapo, khasu ndisaligwire. Ndinavomera ndi pakamwa pokha.

Nthawi imeneyo mlamu wanga Tadala, mng'ono wa mkazi wanga, anali atabwera ku holide. Ameneyu amaphunzira za sayansi ku yunivesite, ndipo ntchito yake n'kusamala mbewa zoyera, zogona m'mabokosi, zosadyedwa (tangoganizani kuwononga ndiwo kumeneko). Atandiwona ndikunola khasu tsiku lachisanu ndi chitatu, anakhala pansi n'kuyamba kundiphunzitsa. Anati mbewa ikachitidwa opaleshoni, kenako n'kuyipanikiza ndi mantha, thupi lake limasintha kawotchedwe ka shuga ndi mafuta. Mtima umagwira ntchito mwa mtundu wina, minofu imapereka mphamvu zake kuti bala lipole, ndiye miyendo imatsala yopanda kanthu. Akuti munthunso sasiyana kwenikweni.

Ndinaseka mpaka ulusi unandikoka. "Alamu," ndinatero, "mbewa ndimazidziwa kuposa inu. Inu mumazipatsa mankhwala, ine ndimazithira mchere. Ine si mbewa."

Vuto linali lakuti apongozi anga aakazi, mayi a mkazi wanga, amakonda kapuku kuposa nkhuku. Chaka chilichonse mpani woyamba umapita kwa iwo, ndipo umenewo ndiwo ulemu wanga wonse pamudzipo. Ine ndi iwo sitiyang'anana kumaso, tikakumana panjira wina amapatukira kutchire, koma mbewa zimatiyankhulira. Tsono ndinamva kuti mkamwini mnzanga wa kuseri kwa khola, amene sadziwa ngakhale kusiyanitsa una wa mbewa ndi wa njoka, walonjeza kuwapezera. Magazi anandiwira.

M'mawa mwake mkazi wanga atapita kuchigayo, ndinanyamula khasu n'kuzemba. Lamba ndinamusiya poti ankakhudza bala, buluku ndinangolimanga ndi kaluzi. Nditafika kumunda wa kuphiri ndinapeza una wabwino, dothi lake latsopano. Mtima unadumpha ndi chimwemwe. Khasu loyamba, bwinobwino. Lachisanu, thukuta. Lakhumi, mtima unayamba kugunda m'khutu ngati ng'oma ya gule, koma ndinati n'chisangalalo chabe.

Kenako anatulukira kapuku, wonona, wonyezimira, mimba ikukhudza pansi. Odziwa mbewa akudziwa kuti kapuku ndi waulesi, mwana wamng'ono amam'tola ndi dzanja. Anayamba kuyenda pang'onopang'ono kulowera kumapesi. Ndinaponya khasu n'kumulondola. Mutu unkathamanga, koma miyendo inali ngati ya munthu wina, yobwereka. Phazi lachitatu maondo anapinda okha, kaluzi kaja kanaduka, ine khu! chagada mumzere, buluku lili m'maondo. Kapuku anayima, anandiyang'ana (ndikulumbira anandiyang'ana), n'kupitiriza ulendo wake mosafulumira.

Ndinayesa kudzuka, zinakanika. Pabala panali timagazi pang'ono, ndipo apa mantha anandigwira zenizeni. Ndiye ndinamva kwiii kwiii. Anali apongozi ndi wilibala yawo, akuchokera kokatola zitsononkho. Ndinatseka pakamwa kuti adutse, koma ndinakumbukira kuti mbewa ya manyazi inafera kuuna. Ndinatsokomola.

Anayima, n'kutembenuka msanga kuyang'ana ku mapiri a Ntchisi. Anamasula chitenje chapamwamba n'kundiponyera chakumbuyo. Anakhuthula zitsononkho, anandikoka m'khwapa nkhope ili kumbali, n'kundikweza mu wilibalamo. Tinatsika phiri lonse, iwo akuyang'ana kumanzere, ine kumanja, miyendo ili lende, mudzi wonse uli pakhonde. Njira yonse anayankhula kamodzi kokha, ndipo ankauza wilibala, osati ine: "Chaka chino mbewa yake ndi yaikulu, koma yowonda."

Kuchipatala anati ulusi umodzi wokha ndiwo unamasuka, ndipo anandikalipira mokwanira. Tadala sanandinyoze ayi, anachita choposa pamenepo. Anabwera ndi kope lake, n'kundifunsa mwaulemu kuti mtima unayamba kugunda pa khasu lachingati.

Mpani woyamba chaka chimenecho unaperekedwa ndi mkamwini wa kuseri kwa khola, wogula pamsewu. Zinandiwawa kuposa bala. Koma tsiku lomwelo apongozi anatumiza mbale yovindikira kunyumba kwathu. M'katimo munali akapuku awiri, ndipo mkazi wanga anati mawu a apongoziwo ndi akuti odwala adye, apeze mphamvu, chifukwa wilibala ija ilibe tayala lina.

Ndinadya onse awiri. Una uja ndinawuyika chizindikiro.