M'mawa Osauka, Masana Otukuka

M'mudzi wina wake, umene dzina lake tilisunge poopa milandu, munali sukulu ya boma imene inagwa m'manja mwa bungwe lachifundo lotchedwa Mwana Akhale Pabwino. Bungweli linali ndi ofesi ya chipinda chimodzi, galimoto yoyera imodzi, ndi maudindo ochuluka kuposa antchito. Pamwamba pa onse panali Bambo Gelevazio Mkwapatira, Woyang'anira Wamkulu wa Oyang'anira Mapologalamu, munthu wansangala, wosavula tayi ngakhale dzuwa la Okutobala liswe mtengo.

Tisawanamizire, ntchito anaigwira. Abwenzi akunja otchedwa a Manja Ofunda atapereka thandizo, madesiki anagulidwadi, ndipo mwana aliyense anapeza pokhala. Vuto linagona pomwepo. Pulojekiti yothetsa kusowa kwa madesiki inali itathetsadi kusowa kwa madesiki, ngozi imene palibe anaiyembekezera, ndipo kontirakiti ya Bambo Mkwapatira inali kutha mwezi womwewo. Galimoto yoyera ija ankangoisisita ngati m'bale wodwala mwakayakaya.

Kenaka kunabwera uthenga umene unawavinitsa mu ofesi mpaka tayi kutembenukira kumsana. Lachinayi kunali kudza alendo a magulu awiri. M'mawa kufika a Mitima Yofewa, abwenzi atsopano amene ankasakasaka sukulu yovutikitsitsa yoti aithandize. Masana kufika a Manja Ofunda, kudzaona zipatso za thandizo lawo. Bamboyo anathamangira kwa mphunzitsi wamkulu, Mayi Nachisale.

"Aphunzitsi aakulu, Lachinayi lino m'mawa tikhala osauka, masana tikhala otukuka."

"Tsiku lomwelo, bambo?"

"Lomwelo, mayi. Tikangodya nkhomaliro, chitukuko chafika."

"Komatu mapanga awiri avumbwitsa."

"Amavumbwitsa wosadziwa kuthamanga," anayankha Bambo Mkwapatira, akuseka chikhakhali.

Mayi Nachisale anafuna kukana, koma anakumbukira kuti choko cha sukulu yonse chinkachokera m'galimoto yoyera ija, choncho anangovomera.

Lachitatu sukulu inasanduka bwalo la zisudzo. Madesiki onse anasenzedwa kukabisidwa m'tchalitchi kuseri kwa msika. Ana anauzidwa kuti abwere opanda nsapato, koma nsapatozo azisunge m'majumbo podikira masana. Kwaya inaphunzira nyimbo ziwiri, ya maliro ndi ya chikondwerero. Wachiwiri kwa Bambo Mkwapatira, Bambo Tsokalawo, amene udindo wawo unali Mlangizi Wamkulu Woona za Maonekedwe a Zinthu, anayendera miyala yoti ana akhalire pansi pa mkuyu, nakana yonse yosalala ponena kuti ikuonetsa moyo wawofuwofu. Mphunzitsi wina wonenepa bwino anapemphedwa mwaulemu kuti adwale mpaka masana. Chovuta chinali kuphunzitsa ana nkhope ya chisoni, poti akangoona Bambo Tsokalawo akuwaonetsa chitsanzo ankagwa nazo nseko mpaka kugubuduzika m'fumbi.

Lachinayi m'mawa zonse zinali m'malo mwake. Fumbi litangooneka kumsewu, kwaya inayamba ya maliro ija mogwira mtima, moti amayi ena opita kuchigayo anaima n'kufunsa kuti watisiya ndani. Bambo Mkwapatira anakonza tayi, nagwetsa nkhope monga mwa dongosolo, nakatsekula chitseko cha galimoto ya alendo.

Chakudza sichiimba ng'oma. Wotsika anali Mayi Ingiridi a Manja Ofunda, mwini wake wogula madesiki uja. Ndege yawo yobwerera inali itasintha nthawi, ndiye anaganiza zolawirira.

M'maso mwawo Bambo Mkwapatira anaona galimoto yoyera ikupita yokha, iwo akubwerera kwawo pa kabaza. Mayi Ingiridi anayang'ana ana pamiyala, nasuzumira m'makalasi muli mbee, nafunsa kudzera mwa womasulira: "Madesiki aja ali kuti?"

Bamboyo anatsekula pakamwa, koma munangotuluka mawu amene anawaloweza m'misonkhano yonse ya moyo wawo.

"Mayi, vutoli ndi lozama."

Kenaka Mayi Ingiridi anagwira pachifuwa, misozi ili chuchuchu.

"Ndinadziwa ine! Kulakwa n'kwathu. Tinangopereka madesiki osayamba taphunzitsa anthu tanthauzo la desiki."

Anajambula ana, anajambula miyala, anajambula ngakhale mbuzi imene inkangodutsa, nalonjeza gawo lachiwiri la pulojekiti, lalikulu kuposa loyamba, loyambira pa kafukufuku ndi misonkhano. Kwaya inasokonezeka n'kuyamba ya chikondwerero, ndipo mayiyo analira kowonjeza poona ana ovutika chotere akuimba mokondwa.

Mayi Ingiridi atangochoka, Bambo Tsokalawo, amene dongosolo sankalisintha ngakhale kugwe chivomezi, anaimba wezulo. Madesiki anabwerera chothamanga, nsapato zinatuluka m'majumbo, mphunzitsi wonenepa uja anachira. Ndipo a Mitima Yofewa, amene anachedwa ndi chakudya cha kuhotela, anafika n'kupeza sukulu ikuwala. Anati pano thandizo silikufunika, koma luso lotere silingapite chabe, choncho anapatsa Bambo Mkwapatira chikho cha Mtsogoleri Wachitsanzo. Tsiku limodzi lomwelo munthu anapeza kontirakiti chifukwa cholephera, napezanso chikho chifukwa chopambana. Anavina pabwalo chikho chili kumutu, ana akuwomba m'manja.

M'mawa mwake Mayi Nachisale anadabwa kuona madesiki akusenzedwanso.

"Nanga akupita kuti, bambo? Alendo aja apitatu."

"Mayi, akafukufuku atha kufika tsiku lililonse. Mukufuna Mayi Ingiridi aoneke abodza? Chithunzi cha ana anuwa chapita kale kunja kukaikidwa pa kalendala."

"Ndiye ana akhale pamiyala mpaka liti?"

"Gawo lachiwiri ndi la zaka zitatu zokha."

Msonkhano woyamba wokambirana za Vuto Lozama la Kusowa kwa Madesiki unachitikira pasukulu pomwepo, mvula itangoyamba. Kunabwera akatswiri, alangizi ndi akuluakulu a maphunziro, aliyense ndi botolo lake la madzi. Popeza anthu olemekezeka chotere sangakhale pansi, Bambo Mkwapatira anapempha kutchalitchi kuti awabwereke pokhala, ndipo atchalitchi anawabwereka mokoma mtima. Akuluakuluwo anadzipanikiza m'madesiki, mimba zitakanirira, nakambirana mozama tsiku lonse, ana ali pansi pa mkuyu akuvumbwa.

Potseka msonkhano, wapampando anayamika atchalitchi chifukwa cha mipando yolimba ndi yokongola, ndipo nthumwi zonse zinagwirizana chimodzi: kuti zinthu zikayenda bwino, m'gawo lachitatu ana a sukuluyi adzaguliridwe yofanana nayo.