Kingi, Naini ndi Usipa wa Apongozi

Mpaka lero ndikamva fungo la usipa wowotcha, njala imanditha. Zinandichitikira ku Nairobi, chaka chimene mayi akunyumba anali oyembekezera mwana wathu woyamba, ndipo palibe anandilodza. Ndinadzilodza ndekha.

Masiku amenewo Amalawi angapo tinkakumana Loweruka masana kwa a Chirwa ku Kilimani n'kumasewera poka, masewera a makadi obetcherana. Popeza tonse tinali anthu opemphera, ndalama sizinkaloledwa patebulo, imeneyo ndi njuga. Tinkabetcha nyemba. Koma wina akabwera kuchokera kumudzi atatinyamulira timaphukusi, nyemba za aliyense zinkaimira phukusi lake: zikakuthera, phukusi lapita. (Mmene tinkasiyanitsira zimenezi ndi njuga, musandifunse.)

Loweruka limenelo a Chirwa anali atangofika kuchokera ku Lilongwe, ndipo phukusi langa linali usipa wofutsa umene apongozi anatumizira mwana wawo. Mayi akunyumba anali ataulira usipawo kwa miyezi. Omena, tinsomba ta ku Nairobi tofanana nawo, ankati ndi towawa, ndipo akangotinunkhiza ankathamangira kubafa. Potuluka m'nyumba anandiuza kuti, "Mukangolandira mubwere, musakhalitse." Ndinavomera ndi mtima wonse.

Tsono ine ndinali mphunzitsi wa gululo. Ndine amene ndinkalalikira lamulo lalikulu la poka: wolankhula pomaliza ndiye mfumu, chifukwa amakhala ataona kale zimene anzake achita. Ukagwira makadi apakatikati, osati abwino osati oipa, ndipo kumanzere kwako, kumene amalankhula pambuyo pako, kuli munthu wokonda kukweza mulu wobetcha, taya makadiwo udikire ena. Ndinkanena zimenezi chala chili m'mwamba.

Munthu wokonda kukwezayo analipo: Mayi Gondwe, mkulu wa amayi kutchalitchi kwathu, ofatsa ngati nkhunda mpaka atagwira makadi. Nthawi zonse ndinkafika msanga kuti ndikhale kumanzere kwawo. Tsikulo anachedwa ndi magalimoto a pa Ngong Road, n'kupeza kuti patsala kampando kogwedera, kumanja kwanga. Ine, mwana woleredwa bwino, ndinanyamuka.

"Amayi, khalani apa pofewa."

"Zikomo, bambo. Mulungu akudalitseni."

Nditakhala pa kampando kaja m'pamene ndinazindikira kuti ndawapatsa kumanzere kwanga. Ndilankhule ine, iwo ayankhe. Ndipo munthu wamkulu sungamudzutsenso pamene wamukhazika wekha.

Zinayamba pang'onopang'ono. Ndikaika nyemba, iwo awonjezera. Ndikati ndadutsa, osaika kanthu, iwo aika mulu. Ndinkataya makadi monga mwa lamulo langa, ndipo nthawi iliyonse ankanditembenuzira awo kuti ndione: zinyalala zokhazokha, thuu ndi seveni, firii ndi eyiti.

"Pepani, aphunzitsi," ankatero akukokolola nyemba zanga, "ife sitidziwa malamulo."

A Chirwa ankaseka mpaka kutsamwa ndi tiyi. Mtima unandiwawa, ndisabise.

Kenako anandigawira kingi ndi naini, makadi enieni amene ndinkati azitayidwa. Sindinataye. Patebulo panagwa kwini, naini ndi folo. Manaini awiri, si chuma koma si umphawi. Ndinati ndadutsa, iwo anaika. Ndinalondola, kuika nyemba zofanana ndi zawo, ndikudziuza kuti ndingoonako khadi limodzi. Linagwa sikisi, losandithandiza kanthu. Ndinadutsanso, iwo anaika mulu wokulirapo, akuyimba kanyimbo ka kwaya chapansipansi.

Apa ndiye panali pothawira. Koma wapakaliyala samayimba belu, ndinali nditayamba kale kutsetsereka. Ndinawayang'ana kumaso kuti ndiwerenge maganizo awo, ndipo zimene ndinawerenga n'zakuti akufuna shuga wina m'tiyi. Ndinalondola.

Khadi lomaliza litagwa, anakankhira nyemba zawo zonse pakati.

"Achimwene," a Chirwa anandinong'oneza, "usipa uja si wanu."

"Akunama awa," ndinatero. "Masana onse akhala akunama."

Ndinakankha zanga. Mayi Gondwe anatembenuza makwini awiri, kuphatikiza ya patebulo atatu. Masana onse ananditembenuzira zinyalala kuti ndidzalondole pa nthawi ya makwini. Anatenga phukusi la apongozi, n'kuliika m'chikwama mmene munali buku la nyimbo.

Munthu wanzeru akanapita kunyumba kukagwada. Ine ndinakwera matatu, minibasi ya kumeneko, kupita kumsika, ndinagula omena wosankha bwino, n'kumukulunga m'pepala kuti aoneke ngati wayenda ulendo. Mayi akunyumba anatsegula, ananunkhiza, anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Amayi atumiza uyu?"

"Nyanja yasintha masiku ano," ndinatero ine.

Sanathamangire kubafa. Anaphika, anandipakulira mbale yodzaza, iwo n'kudya mpunga ndi masamba. Ndinadya omena yense ndikuyamikira apongozi pa nthongo iliyonse, ndipo ndinagona ndikudziona wochenjera.

Mawa lake titaweruka kutchalitchi, kunamveka odi. Mayi Gondwe, atanyamula bakuli, fungo la usipa weniweni lili patsogolo pawo.

"Mwana ali m'mimbayo sanagwire makadi," anatero akupereka bakulilo kwa mayi akunyumba. "Idyani, mwanawe. Wotsalawo ndizikubweretserani ndekha pang'onopang'ono, monga tinagwirizanirana pa foni dzulo. Kuno ungabetchedwenso."

Dzulo. Pa foni. Ndiye kuti pamene ine ndinkasankha omena kumsika, nkhani inali itafika kale kunyumba. Mayi akunyumba anandisiya ndilankhule poyamba, ndiike bodza langa lonse patebulo, iwo makadi awo atawafumbata. Anadya usipa wawo misozi ikulengeza, kaya ya chisangalalo kaya ya ine, sindinafunse. Manyazi amene ndinamva sindinawamveponso, ndipo ngakhale kamutu kamodzi sanandigawire.

Lamulo langa lija ndi loona ndithu, ndimaliphunzitsabe kwa ofuna kumva. Koma mwana uja tsopano ndi wamkulu, ndipo m'nyumba mwathu zinthu sizinasinthe: pa nkhani iliyonse mayi akunyumba amati, "Yambani ndinu, bambo." Ine ndimayamba.