Makhadi a Ukwati wa Mlamu Wanga

Kunyumba kwa apongozi anga ku Kawale kuli envulopu imene ndimapemphera kuti chiswe chidzaidye. Muli makhadi a ukwati 180 amene sanafike kwa mlendo ndi mmodzi yemwe, ndipo anawapanga ndine.

Chaka chatha ndinkaphunzira kulemba mapulogalamu a pakompyuta Loweruka lililonse ku Area 25. Nditangokwanitsa miyezi iwiri, ndinayamba kuyenda ndi laputopu ngakhale popita kukagula tomato. Ndiye mlamu wanga Chikondi, mng'ono wa mkazi wanga, atati akukwatiwa, ndinaimirira pamsonkhano wa banja n'kunena kuti za makhadi andisiyire ine. Palibe wolemba mayina pamanja, kompyuta ilemba yokha.

Tinali titangophunzira za makalasi. Kalasi ili ngati chikombole: umaikonza kamodzi, n'kumaumbira zinthu zambiri zofanana. Ndinalemba kalasi ya Mlendo. M'kati mwake mumakhala kachigawo kotchedwa konsitirakita, kamene kamapatsa mlendo aliyense dzina ndi dera lake pamene akupangidwa. Ndinalembanso kalasi ina yowerenga fayilo ya mayina imene Chikondi ananditumizira.

Poyeserera, ndinaika m'konsitirakita dzina longogwirizira, loti lizituluka ngati palibe lina laperekedwa. Ndikanatha kulemba Yohane. Ine ndinalemba "Apongozi Ovuta", dera lake n'kuika Kawale. (Tsiku limenelo anali atandibwezera khadi lachitsanzo kachitatu, ati maluwa achuluka. Sindikudziikira kumbuyo, ndikungofotokoza.)

Lachisanu masana ndinalumikiza makalasi awiriwo. Kompyuta inati makhadi 180 apangidwa, ndendende chiwerengero cha alendo. Nthawi yomweyo magetsi anazima, batire ya laputopu n'kuyamba kulira. Ndinakopera fayilo pa fulashi osaitsegula, n'kukaisiya kwa osindikiza ku Area 23. Mawa lake ndinangotenga envulopu yomata kale, ulendo wa ku Kawale.

Pabalaza panali apongozi, mkazi wanga, Chikondi ndi amalume awo ochokera ku Thyolo. Makhadi ankayenera kugawidwa m'mawa mwake potuluka m'tchalitchi. Amalume anatsegula envulopu, navala magalasi.

"Tikuitana Apongozi Ovuta a ku Kawale," anawerenga mokweza. Anatenga lachiwiri. Anatenga lachitatu. Kenako anapisa dzanja pakati penipeni. "Kodi apongozi ovutawa alipo angati m'banja muno?"

Mkazi wanga anandiyang'ana kamodzi kokha. Chikondi anayamba kulira. Ine ndinatsika pampando n'kugwada.

Apongozi anatenga khadi limodzi, n'kuliyang'ana kutsogolo ndi kumbuyo.

"Maluwa ndiye mwachepetsa bwino," anatero. "Bambo a Tadala, makinawo mwabwera nawo?"

"Ndabwera nawo, amayi."

"Tatsegulani, muike patebulopa."

Ndinkaganiza kuti akufuna kuwathira madzi. Ndinawaika, n'kubwerera chafutambuyo mpaka pakhomo. Iwo anakoka mpando, anakonza chitenje, n'kuyamba kuwerenga. Chala chawo chinkatsika mzere ndi mzere ngati akufuna vesi m'Baibulo. Sipanathe mphindi ziwiri.

"Sendererani kuno, sindiluma. Kalasi yowerengayi ilibe mlandu. Ikutsegula fayilo, ikuwerenga mzere uliwonse. Koma taonani apa pamene mukupanga Mlendo. M'mabulaketimu muli chiyani?"

"Mulibe kanthu, amayi."

"Ndiye dzina lawerengedwa lija likupita kuti? Mwalisiya panjira. Konsitirakita ikaona kuti simunaipatse kanthu, imatenga chimene munaisungitsa. Munaisungitsa ine."

Amalume anatsokomola, n'kutuluka panja. Tinkawamva akuseka kuseri kwa thanki ya madzi.

Apongozi analemba mawu awiri m'mabulaketi muja, dzina ndi dera, osayang'ana n'komwe pamene zala zikugunda. Kenako anafufuta dzina logwirizira lija osaikapo lina.

"Mlendo wopanda dzina asamapangidwe," anatero. "Pulogalamu izikana, izikalipa muli nokha kunyumba kwanu. Kusiyana n'kuti ikhale chete, idzakuyalutseni pagulu."

Anadina batani. Makhadi anayamba kutuluka pasikirini, lililonse ndi mwini wake: Bambo ndi Mayi Makwinja a ku Biwi, Agogo Nasibeko a ku Chinsapo, mpaka omaliza. Chinthu chimene aphunzitsi anachifotokoza milungu itatu osandilowa, chinandilowa nditagwada pasimenti, ndikuyang'ana zala zimene ndinkazidziwa ndi kusenda mbatata basi.

"Thamangirani kwa osindikiza asanatseke," anatero. "Akalewa asiyeni, ndisunga ine."

Makhadi atsopano anagawidwa pa nthawi yake. Tili m'minibasi kubwerera kwathu ku Chigwirizano, ndinafunsa mkazi wanga kuti amayi zimenezi anazidziwira kuti.

"Anagwira ntchito zaka makumi awiri ndi zisanu akulemba mapulogalamu ku ofesi kwawo. Pamene ankapuma pantchito anali akuphunzitsa anzawo."

"Ine ndinkayesa ankangotaipa makalata. Bwanji sunandiuze?"

"Munafunsapo?"

Zaka khumi ndi chimodzi ndili m'banja limenelo, ndinali ndisanafunsepo. Ku Area 25 ndinasiya. Masiku ano Loweruka ndimakwera ya ku Kawale, n'kukhala pakhonde patali pang'ono monga mwa ulemu, iwo ali pampando ndi laputopu yanga pamiyendo. Sabata yatha anawerenga zimene ndinalemba, n'kunena kuti, "Apa ndiye mwayesako." Ndinafika mpaka ku Biwi ndisanazindikire kuti ndikuyenda wapansi.