Kalata ya Kwaya ya ku Kande

Lolemba
Amayi a kwaya ya Seven Lamps akufuna kukaimba pa wayilesi ku Mzuzu. Kalata yopempha, ya m'Chingerezi, ikafike pofika Lachisanu. Wolemba ndine, mphunzitsi wa pasukulu pano! A Nyachirwa, wapampando wawo, akuti: "Asambizi, mukalemba bwino, mpando wakutsogolo mu minibasi ngwanu." Ndikudziona kale: jekete, zenera lotsegula, minda ya mphira ikudutsa pang'onopang'ono.

Lachiwiri
Mzere woyamba wandikanika. Seven Lamps is? Seven Lamps are? Kwayayo ndi imodzi, koma dzina likumveka ngati khamu. Zomwe zilipo: pepala, emvulopu, bolopeni ziwiri. Zomwe zalembedwa: Dear Sir. Masana onse ndikulota muulutsi akutchula dzina langa.

Lachitatu
Ndikufunsa abusa. "Is, mwana wanga. Ukamaliza undionetse." Pobwerera ndikukumana ndi ahedi, pakamwa panga posakhala chete. "Are! Ndaphunzitsa usanabadwe iwe. Ukamaliza undionetse." Mayo ine! Munthu wamkulu ukamufunsa nzeru, suzitaya iye akuona.

Lachinayi
Ndalemba makalata awiri, ina ya is ya abusa, ina ya are ya ahedi. Onse akondwa. Koma abusa awonjezera vesi, ahedi achotsa moni wanga wokoma uja. Kukoperanso. A Nyachirwa akudutsa ndi dengu la chinangwa pamutu: "Yapita?" Ndikuti ikuuma inki.

Lachisanu
Ndaima pamsewu, emvulopu kudzanja ili, ina kudzanja ilo. Minibasi zinayi zandipitirira. Kondakitala wa yachisanu: "Bwana, mukutumiza kapena mukudzipepesa nazo mphepo?" Ndikatumiza ya abusa, ahedi adzamva. Ndikatumiza ya ahedi, Lamulungu ndikakhala pati? Ndabwerera nazo zonse.

Loweruka
Nthungululu kutchalitchi! Kani Lachitatu lomwe a Nyachirwa anajambula nyimbo pa foni ya mlamu wawo n'kutumiza, popanda ngakhale Dear Sir. A wayilesi ayankha mawu amodzi: "Bwerani." Ndikuwaombera m'manja. Manyazi andigwira mpaka m'makutu.

Lamulungu
Mapemphero atangotha, minibasi yafika. Ndavalabe jekete, mwina mwake. A Nyachirwa akundigwira dzanja mwaulemu: "Yewo asambizi, mwavutika. Makalatawo musunge, tidzawafuna chaka chamawa."
Minibasi yanyamuka popanda ine, ndaiyang'ana mpaka yakhota. Pampando wakutsogolo, pazenera langa lija, akhazikapo ng'oma, ndipo aimanga lamba.