Mitengo Yosafota ya Ba Nchimunya

Winfrida anali kusankha nyemba pakhonde, imodzi-imodzi, zofumbwa akuponyera nkhuku. Sanafulumire dala, pakuti pansi pa mango mlongo wake wamkulu, Whiteson, anali pa msonkhano ndi gulu lake lonse, ndiye kuti Humphrey yekha. Mu komboni yonse ya Nangongwe Whiteson ankatchedwa Pulofesa, chifukwa anasesapo miyezi itatu ku fakitale ya feteleza. Humphrey anali Wilibala, poti ndicho chuma chokha chimene anali nacho.

Chibuku chitafika pakati, Pulofesa anaulula pulani. Mu lesitilanti yatsopano ya Ba Nchimunya, pa msewu wa ku Lusaka, munali mitengo yobiriwira mu Okutobala muno, pamene mbuzi zinali kudya makatoni. Sinkafota, sinkagwetsa tsamba. Mbewu yakunja imeneyo, anatero, ukangodula nthambi n'kubzala, anthu onse a ku Kafue Estates adzaima pamzere kudzagula.

"Iyi ni sayansi, mwana," anati. "Tizankala mabwana."

Awiriwo anapita ku lesitilantiko dzuwa lili pamutu, atavala maovololo, Ba Nchimunya ali ku Lusaka. Anauza mtsikana wopereka chakudya kuti mitengoyo yagwidwa ndi mbozi ndipo iyenera kukagonekedwa kuchipatala cha mitengo. Mtsikanayo, amene anali atatopa kuipukuta fumbi m'mawa uliwonse, anawathandiza kuikweza pa wilibala.

Vuto linali malo. Pulofesa anayang'ana dimba la Winfrida kuseri kwa nyumba, repu ndi chibwabwa zimene zinkapatsa banja lonse ndiwo, nalamula kuti theka lizulidwe. Winfrida anangomupatsa khasu. Chiyambire ubwana, mlongo wakeyo akalankhula iye ankangoyang'ana pansi.

Nthambi anadula ndi pulayala, mpeni utakana. Pulofesa anafotokoza kuti waya wa m'katimo ndiwo umboni wa mbewu yamphamvu. Anabzala m'mizere, anathira zitosi za nkhuku, ndipo madzi amene Winfrida ankatunga ku mpopi anayamba kuthera kumeneko, repu yotsalayo ikufota. Mbuzi ya aneba inabwera, inanunkhiza, inachoka. Wilibala anati ngakhale ziweto zikuipatsa ulemu.

Anatha masabata atatu, mphukira osaoneka. Tsamba lina linasungunuka litayandikira mbaula, Pulofesa n'kunena kuti ndi malungo. Kenaka anakumbukira botolo limene mtsikana uja ankapopera masamba. Chinsinsi chinali m'menemo basi. Anavalanso maovololo omwe aja, nabwerera ndi Wilibala kukafunsa dzina la mankhwalawo.

Anapeza Ba Nchimunya eniake. Mayiwo anamvetsera mwachifundo, nati matenda otere sachizika uli patali. Anati apita iwo eni kukaona, pamodzi ndi msuweni wawo wodziwa bwino nkhani zotere. Pulofesa anawatsogolera monyadira, atawanyamulira ambulera, akuwachenjeza za galu wa pa kona. Nsapato za msuweniyo anaziona atalowa kale m'dimba: zakuda, zonyezimira, za ku polisi.

Ba Nchimunya anazula nthambi imodzi, naigogoda pa wilibala.

"Ni pulasitiki iyi, Ba Pulofesa. Mu botolo muja muli chabe manzi na sopo."

Pulofesa sanagonje. Anati dzulo lomweli nthambi ina inaonetsa kamphukira, ndipo mboni ilipo. Anatembenukira Winfrida, amene anali atangofika ndi ndowa pamutu.

"Kamba, sisi. Unaona iwe."

Winfrida anatula ndowayo pang'onopang'ono. Anayang'ana repu yake itagona pansi, kenaka anakweza maso n'kuyang'ana mlongo wake, koyamba m'moyo wake.

"Ninaziba siku loyamba kuti ni pulasitiki. Tumapepa twa mu shopu tukali kumbuyo kwa masamba, koma palibe ananifunsa. Ine nenze chabe wotapa manzi." Anatembenukira wapolisi uja. "Bwana, musabatenge manje. Bayambe bazule mawaya yabo, babyale repu yanga, batape manzi mpaka repu ikule. Ndiye mubatenge. Wilibala isale, nizagulisilamo veji."