Matimati Amene Sindinabzale

Pali nkhani zina zimene munthu umayenera kupita nazo kumanda, koma iyi yandiyabwa zaka zambiri, ndiye bola ndiilavule. Ngati mukudya, yambani mwamaliza.

Zinachitika ku Chikweo, nthawi ija munthu sunkalowa mumsika wopanda khadi la chipani m'thumba. Ananditumiza kumeneko kukaphunzitsa, ine kwathu kuli ku Ntcheu, mkazi ndi ana nditawasiya kumudzi. Chiyao sindinkachimva. Ana akaweruka pasukulu pankangoti zii, ndipo ndinkaphika ndekha, kudya ndekha, nthawi zina n'kumayankha wailesi ngati ikulankhula ndi ine. Mnzanga anali mmodzi yekha, Che Saidi, telala wachikulire amene ankasoka pakhonde pafupi ndi mzikiti. Madzulo alionse akachokera kuswala, kupemphera kwawo kwa kumzikiti, tinkasewera bawo, iwo n'kumandidya nkhomo mopanda chisoni. Kunena zoona, bawo imeneyo ndi imene inkandisunga ku Chikweo.

Che Saidi omwewo anandibwereka kamunda kumtunda kwa dambo. Kumunsi kwake kunali chitsime chimene mudzi wonse unkamwa, ndipo amuna ankatunga pomwepo madzi osamba popita kokapemphera. Dothi la kamundako linali lotopa, mchenga wokhawokha.

Patchuthi ndikudutsa ku Balaka ndinakumana ndi mnzanga wa kusukulu, amene ankagwira ntchito kumadamu kumene kumathera zonse zochokera m'zimbudzi za madzi. Anandionetsa mulu wakuda bii, wouma, wofumbutuka bwino ngati dothi la pachulu.

"Achimwene, manyowa ake ndi amenewa," anatero. "Akhala padzuwa miyezi yambiri, alibenso vuto. Tengani, ndi aulere."

Ine mawu akuti ulere sinditha kuwakana. Ndinanunkhiza, osamva kanthu. Ndinadzaza matumba asanu ndi atatu n'kupempha malo pa lole yokatenga thonje. Che Saidi atafunsa, ndinati ndi manyowa a ku Balaka. (Sindinaname. Ndinangosiyira chiganizo panjira.)

Mvula yoyamba itagwa, manyowa aja anakumbukira kwawo. Fungo linadzuka, ntchentche zobiriwira zija zinabwera ndi abale awo omwe. Anthu odutsa ankagwira mphuno, ine n'kumagwira nawo, n'kumati mwina kwafa galu m'tchire. Patapita masiku fungo linazilala, chimanga chinamera chobiriwira mochititsa kaso, ndipo m'mizere monse munatuluka matimati. Ine sindinabzale ngakhale njere imodzi ya matimati. Ndinadziwa kumene achokera, poti sayansi ndinkaphunzitsa ndine, koma ndinauza mtima wanga kuti ukhale chete.

Pofika Febuluwale anali atapsa, akuluakulu, ofiira psuu. Apa ndi pamene kusungulumwa kunandipusitsa. Ndinathyola dengu lonse n'kuyenda khomo ndi khomo kugawa. Kwa nthawi yoyamba amayi anayamba kundipatsa moni pondiona patali. Wina anandisiyira dzungu pakhomo, wina chinangwa. Ndinkayenda ngati mwana wa m'mudzimo, ndipo ndikuuzeni, sabata ziwiri zimenezo ndinali wokondwa kwambiri.

Nthawi yomweyo chitsime chinali chitayamba zachilendo. Pamwamba pa madzi panachita ndere zobiriwira, madziwo ankamveka kafungo, ndipo ana angapo anatsegula m'mimba. Anthu ankadabwa kuti chavuta n'chiyani. Inenso ndinkadabwa nawo, mokweza ndithu.

Tsiku lina tili pa bawo, amuna anayi akuonerera, Che Saidi anati, "Aphunzitsi, matimati aja mayi akunyumba awayamikira. Mbewu yake munaitenga kuti? Nafenso tibzaleko."

Munthu wanzeru akanati ku Ntcheu, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma ine, poona anthu asanu akundimvetsera pamodzi, zimene zinali zisanachitikepo kunja kwa kalasi, uphunzitsi unandikwera. Ndinafotokoza kuti njere ya matimati ndi yolimba, munthu akadya imadutsa m'mimba osafa, n'kupita kuchimbudzi, kuchoka apo kumadamu a ku Balaka, kenaka m'matumba anga. Ndinajambula ngakhale ulendo wake pansi ndi kamtengo.

Nditadzutsa mutu ndinapeza onse akundiyang'anitsitsa. Che Saidi anali ndi nkhomo m'manja, dzanja lili m'malere.

"Mukuti matimati tadya aja anayamba adyedwapo ndi munthu wina?"

"Iyayi, Che Saidi, njere yokha ndi imene..."

"Nanga mvula ikagwa m'munda mwanu, madzi ake amatsikira kuti?"

Tonse tinatembenukira kudambo.

"Najisi," anatero bambo wina chapansipansi, kutanthauza chodetsa chimene munthu sangapemphere nacho pathupi. "Miyezi itatu tikusamba najisi popita kuswala. Ana athu akumwa."

Palibe anandikalipira, ndipo bola akanandikalipira. Che Saidi anabweza nkhomo m'maenje mwake imodziimodzi, ananyamula bawo n'kulowa nayo m'nyumba.

Chitsime anachikwirira. Amayi anayamba kuyenda mtunda wautali kukatunga kumtsinje, akudutsa pakhomo panga ndi ndowa pamutu, nkhope atayang'ana kumbali. Tsiku lokumba chitsime chatsopano ndinapita ndi khasu langa kuti ndithandize. Che Saidi anandiimitsa ndisanafike.

"Aphunzitsi, khasu limenelo lalima kuti?"

Ndinabwerera nalo paphewa. Ana otsegula m'mimba aja anachira, Mulungu ngwabwino, koma ine manyazi anandidwalitsa kuposa iwo. Ndinapita kukapepesa, ndipo Che Saidi anandilandira mwaulemu, nati zapita, munthu salakwira mtengo. Koma ndikafika madzulo ndinkapeza ali ndi zosoka zambiri, tsiku lililonse, mpaka ndinasiya kupitako.

Chimanga chija ndiye chinabereka kuposa china chilichonse chimene ndalimapo moyo wanga wonse, ziwiriziwiri paphesi. Ndinayesa kugawa chachiwisi, aliyense ankati zikomo, tadya kale. M'minda yoyandikira anthu ankadandaula za akuba, koma wanga ngakhale chisononkho sichinasowe. Loweruka ndinkakhala m'mphepete mwa munda tsiku lonse ngati ndikulondera, chikhalirecho ndikulakalaka wakuba mmodzi yekha atabwera kuti ticheze.

Phunziro ndinalitola: chimene wathira kumtunda, anzako akumunsi amamwa, ndipo mnzako akakubwereka munda umamuuza chiganizo chonse. Koma pakamwa pokha sindinachire. Taonani, palibe wandifunsa, ndipo ndakuuzani zonse.